Alendo akufuna chigwembe cha Ruo mu Febuluwale, ndiwauze chiyani?

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi gulu la anthu 9 a pa ofesi ina muno mu Blantyre, ndipo alipira kale theka. Akufuna tinyamuke Loweruka m'mawa, tikalowere ku esiteti ya tiyi ya Lujeri, tikwere phiri la Mulanje kudzera m'chigwembe cha mtsinje wa Ruo mpaka ku nyumba yogona ya pa Minunu, tigone, Lamulungu titsike njira yomweyo kuti Lolemba akapezeke pa ntchito. Anaona zithunzi za mathithi pa Facebook, ndiye sakumvanso za njira ina. Mvula ndi imeneyi mukuionayi. Awiri mwa iwo phiri lomwe anakwerapo ndi Soche basi.

Madala a ku Likhubula: Achimwene, Ruo mwezi uno ayi. Chimene alendo sadziwa n'chakuti madzi a m'chigwembe sachokera ku mtambo umene uli pamutu panu. Mvula imagwa kumtunda, timitsinje tonse ta pamwamba n'kutsanulira mu mtsinje umodzi wopanikizika pakati pa matanthwe. Inu kumunsi dzuwa likuswa mtengo, mungomva mkokomo, mwala umene munapondapo powoloka wamira kale. Kutsogolo madzi, kumbuyo madzi. Ndipo mbali ya Lujeri ndi imene imalandira mvula yambiri pa phiri lonse la Mulanje. Mumayesa tiyi uja amabiriwira chifukwa chiyani?

Wa ku Ndirande: Nanga atatenga chingwe, madala? Kumanga tsidya lino ndi tsidya linalo, anthu n'kumawoloka mmodzimmodzi.

Madala a ku Likhubula: Tsidya linalo akamange ndani? Chingwe ntchito yake ndi pa thanthwe lotsetsereka, kuti munthu agwirire. Pa madzi othamanga, womangidwa chingwe m'chiuno akagwa, chingwe chomwecho chimamukanikiza pansi pa madzi. Madzi akafiira n'kupitirira m'mawondo, khalani pansi mudikire aphwe.

Achemwali a ku Namiwawa: Ine nkhawa yanga ili pa Lamulungupo. Kukwera anthu amalimbikira, amafuna aonekere kwa anzawo a ku ofesi. Koma m'mawa mwake miyendo yauma, mawondo akunjenjemera, matanthwe ali ndi ndere, nsapato ndi zija zoyendera m'tauni zopanda mano kunsi. Nyengo ino mvula imakonda masana, nthawi yomwe gulu lochedwa limakhala lili pakatikati pa chigwembe. Wina akabinya mwendo m'menemo foni siidalirika, ndipo palibe galimoto imene ingafikeko. Amunyamula pa machira anyamata onyamula katundu, njira yomwe wamiyendo yabwino akuyenda chokwawa.

Wa ku Phalombe: Onjezeranipo ichi. Chiwombereni namondwe Freddy mu Malichi 2023, malo ambiri m'mbali mwa phirili anagumuka, ndipo nthaka yoteroyo ikakhuta madzi siichedwa kutsetserekanso. Ife kuno Napolo timamudziwa, wa 1991 anachokera ku phiri la Michesi. Njira imene simunaipondepo chaka chino musamaikhulupirire chifukwa choti mumaidziwa kale. Imbirani anyamata a mbali imeneyo amene atsikako posachedwa.

Wa ku Chilomoni: Ndamva. Koma ndikangoti sizitheka afuna ndalama zawo, chonsecho galimoto ndalipira kale.

Achemwali a ku Namiwawa: Musanene kuti sizitheka, achimwene. Apatseni ulendo wina wa masiku omwewo. Galimoto yomweyo ikakusiyeni pa Likhubula, mulembetse ku ofesi ya nkhalango, mutenge onyamula katundu a pomwepo, mukwere njira ya Skyline mpaka ku nyumba yogona ya pa Chambe. Njirayi ndi yoimirira, thukuta alimva ndithu, koma mbali yaikulu imatsata mtunda, osati m'mphepete mwa mtsinje. Oyenda bwino amatha maola atatu kapena anayi, gulu lanulo liwerengereni asanu. Mathithi oti ajambule zithunzi akawapeza pa Dziwe la Nkhalamba potsika. Madzi akakhala ofiira, asasambe, angojambula.

Wa ku Ndirande: Potsika adzere njira ya Chapaluka, asabwereze njira. Imatulukira cha pa Dziwe pomwepo.

Madala a ku Likhubula: Ngati usiku kwagona kopanda mvula, inde. Ikagwa, atsike Skyline yomweyo, chifukwa Chapaluka imayenda ndi mtsinje. Zimenezo mukaweruze m'mawa muli pa Chambe mutafunsa mlonda wa panyumbapo, osati muli ku Blantyre. China, akakaona phiri ali pamwamba wina adzati tiyeni ku Sapitwa. Mamita 3,002 amenewo si a Loweruka ndi Lamulungu kwa anthu otere, amafuna kugona ku nyumba ya pa Chisepo ndi tsiku lakelake. Mukaniretu muli pansi.

Wa ku Phalombe: Ruo muwasungire Ogasiti kumapeto kapena Seputembala, mitsinje itaphwa, chiperoni chitachepa. Muwatsitsireko mtengo pang'ono, abweranso.

Achemwali a ku Namiwawa: Ndipo Loweruka likubwerali apiteni nawo ku Michiru, aliyense atavala nsapato ndi chikwama chomwe adzapite nacho ku Mulanje. Mukaona nokha wofunika womunyamulira katundu ndi wofunika kugula nsapato. Zonse mulembe pa gulu lawo la WhatsApp, kuphatikizapo zoti inu mukati tibwerere, onse abwerera, ndipo aliyense avomere polemba.

Wa ku Chilomoni: Ndalankhula ndi amene akutsogolera gulu. Anayamba ndi kung'ung'udza, koma nditawafotokozera za machira aja avomera Chambe. Michiru ndi Loweruka lino. Tsiku la ulendo tidzanyamuka 5 koloko m'mawa kudzera Midima kuti 7 isanakwane tikhale tafika. Madala, mundipezereko anyamata 5 ndi wophika mmodzi.

Madala a ku Likhubula: Apezeka. Muwauze alendowo zovala zogonera azikulunge m'mapepala a pulasitiki asanaziike m'zikwama, ndipo aliyense akhale ndi tochi yakeyake, osadalira ya pa foni.