Kabati yakale ya galasi yoikamo zinthu za malemu agogo: ndigule kapena ndisiye?

Nambewe:
Abale ndithandizeni maganizo. Agogo atatisiya, pogawana katundu ine ndinangotenga tinthu ting'onoting'ono: makapu asanu a tiyi (anali sikisi, ina ndinaswa ndine ndemwe ndili mwana), wotchi ya m'thumba ya agogo aamuna, Baibulo lawo lomwe analembamo mayina a ana onse ndi masiku obadwa, ndi chithunzi cha ukwati wawo. Zaka zitatu tsopano zili m'katoni kunsi kwa bedi. Ndapeza wina akugulitsa kabati yakale, zitseko zagalasi pamwamba, madilowa atatu m'munsi. Akuti ndi ya mahogany, ya m'ma 1920. Mtengo wake ndi malipiro anga a mwezi wonse ndi kachidutswa pamwamba. Bambo akunyumba akuti ndapenga. Ndigule?

Wosabisa:
Bambo akunyumbawo akunena zoona.

Bambo a Tadala:
Achemwali, mawu oti "ya m'ma 1920" ndikangowamva mtima umandithamanga. Inenso anandiuza chimodzimodzi. Ndinagula kabati yaitali ya pabalaza, yofiirira bwino, yonyezimira, wogulitsa akuisisita ngati mwana wakhanda. Ndinaikapo wailesi ya malemu bambo anga ndi zithunzi zawo. Patapita miyezi iwiri mayi a Tadala anaikapo duwa, madzi n'kudontha pang'ono chabe, m'mawa tikuona pakona patupa ngati chithupsa. Nditakanda ndi chala, khungu lonse n'kusendeka, mkati muli utuchi wopanikiza ndi guluu. Chipboard! Chinthu chomwe chinayamba kufala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, iye akuti 1920. Foni ya mkuluyo kuyambira tsiku limenelo ikungoti sikupezeka. Mpaka lero ndikadutsa pabalaza ndimayang'ana kumbali.

Mayi Dalitso:
Pepani bambo, koma mukafuna zotchipa ndi mmene zimathera. Yanga ndi ya teak yeniyeni, poilowetsa m'nyumba anyamata anayi anachita kupumira panjira. Ndinalipira katatu kuposa zomwe akutchula a Nambewezi ndipo sindinadandaulepo. Muli mbale za apongozi anga, mamendulo a agogo, ndi masipuni asiliva. Mlendo aliyense amayamba waima pamenepo asanakhale pansi.

Bambo a Tadala:
Ndani wakuuzani kuti inali yotchipa mayi?

Mmisiri Wakale:
A Nambewe, musagule ndi makutu, kaioneni ndi manja. Ine ntchito ya matabwa ndagwira zaka zambiri, ndiye mverani. Solotsani dilowa imodzi yonse, muitembenuze. Pakona pomwe matabwa akumana pamakhala mano olumana. Akakhala osiyana kukula pang'ono, ena opyapyala ena onenepa, ndiye kuti anadulidwa pamanja. Akakhala ofanana onse ngati mano a chipeso, ndi makina. Zimenezo pazokha sizikutanthauza kuti ndi yatsopano, chifukwa pofika 1920 mafakitale anali atayamba kale kudula ndi makina. Koma mukapeza dilowa yongomata ndi guluu ndi mawaya a sitepula, bwererani kwanu.

Kenako onani masikuluwu a m'mahinjesi. Amutu wa mtanda aja anabwera m'ma 1930. Asanabwere, pafupifupi onse anali a mzere umodzi. Kabati ikakhala ndi amtanda paliponse, wogulitsa afotokoze.

Chachikulu n'tizilombo. Yang'anani kumbuyo, kunsi ndi kumiyendo ngati kuli timabowo tozungulira, ta milimita imodzi kapena ziwiri. Timabowo takale sitoopsa. Yalani pepala lakuda pansi pake, mukabwerenso patapita masiku angapo. Mukapezapo kaufa koyera, tizilombo tidakali moyo mkatimo, ndipo mukapita nato kwanu tikayamba tebulo lanu, kenako bedi.

A bambo a Tadala, kachikopa ka thabwa kaja, veneer, si chinyengo ayi. Mipando yambiri yakale yapamwamba ili nako. Nkhani ndi yoti kunsi kwake kuli chiyani.

Bambo a Tadala:
Ndi chinyengo basi. Chinthu chokhala ndi nkhope ina mkati mwina dzina lake n'chiyani?

Wosabisa:
Mlamu wanga.

Anaphiri 2:
Koma bwanji mukuvutika ndi kabati? Ine zinthu za amayi ndinaziika pa tebulo la makina awo osokera a Singer, opalasa ndi phazi aja. Mutu wa makina umapindikira mkati, pamwamba pamatsala tebulo losalala. Ndinayalapo kansalu komwe analuka okha, n'kuikapo chithunzi chawo ndi kabokosi kawo ka mabatani. Timadilowa ta m'mbali muli makalata. Sindinawononge ndalama ngakhale pang'ono, kupatula phula la njuchi lopukutira. Ndipo makina amenewa amakhala ndi nambala yodinda pachitsulo, mukaifufuza pa intaneti imakuuzani chaka chomwe anapangidwa, palibe zonamizana. Osagwira ntchito anthu amagulitsa motchipa zedi.

Mayi Dalitso:
Motchipa kuti? Masiku ano miyendo yachitsulo yokhayo anthu akulimbirana kukapangira matebulo, mtengo unakwera kalekale.

Anaphiri 2:
Mnzanga anapatsidwa ulere mwezi watha.

Telala J:
Makina abwinobwino mwawasandutsa shelufu? Achemwali mwandipweteka mtima. Lamba watsopano ndi mafuta pang'ono, amenewo asoka zaka zina makumi asanu. Ngati simukuwafuna tikambirane.

Anaphiri 2:
Si ogulitsa.

Mphunzitsi wa Tsiku:
Palibe amene wakambapo za zinthu zenizenizo, aliyense ali pa matabwa. Chithunzi cha ukwaticho musachiike pagalasi. Kuwala kumafufutsa zithunzi ndipo zikafufuka sizibwereranso. Kachijambulitseni, mutsukitse china, chatsopanocho ndicho chikhale mu felemu, chenichenicho chikhale mu dilowa mumdima. Baibulonso musalisiye chotsegula pa tsamba la mayina lija chaka ndi chaka: inki idzazilala ndipo msana wa buku udzathyoka. Kabatiyo isatsamire khoma lomwe limachita chinyezi, mukapanda kusamala mudzapeza nkhungu m'mapepala. Malo osungirako zinthu zakale amayesetsa kuti chinyezi chikhale chapakatikati, cha m'ma 50 peresenti, ndipo chisamasinthesinthe.

Mayi Dalitso:
Galasi limatchinga dzuwa. Zanga zakhalamo zaka zisanu palibe chasintha.

Mphunzitsi wa Tsiku:
Galasi wamba limatchinga mbali yochepa chabe ya cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso chotchedwa UV, kwinako kumadutsa. Chotsani chithunzi chimodzi mu felemu muyerekeze m'mphepete mobisika ndi pakati. Ndipo masipuni anu asiliva aja, sakuda?

Mayi Dalitso:
Mtsikana wantchito amapukuta.

Mmisiri Wakale:
Pa wotchi ndiwonjezereko. Matabwa ena, makamaka oak, amatulutsa kampweya ka asidi, ndipo m'kabati yotseka kamadya zitsulo pang'onopang'ono. Wotchiyo muiike pa kambale kapena kansalu, osati pa thabwa penipeni. Komanso vanishi wakale wa shellac sagwirizana ndi madzi ndi mowa, kapu yonyowa imasiya mkombero woyera. Mankhwala opopera onyezimiritsa aja muwaiwale.

Mlongo Wamkulu:
Inu mukukamba za dzuwa, ine ndikuchenjezani za abale. Zinthu zili kunsi kwa bedi zili pamtendere. Tsiku lomwe mudzaziike pagalasi, azakhali adzabwera kudzacheza, adzayang'ana makapuwo kwa nthawi yaitali, kenako adzakumbukira kuti malemu anawalonjeza iwo. Ine wotchi ya pakhoma ya bambo anga inapita choncho. Ndinatsala ndi msomali. Amalume anati akungobwereka kuti akaikonzetse, chaka chachinayi chino.

Wosabisa:
Ndiye kabati ikhale ya loko, kiyi m'khosi.

Mayi a Mapasa:
Muli ndi ana aang'ono? Ana amasolola dilowa ya pansi n'kuipanga makwerero. Kabati yaitali yokhala ndi magalasi kutsogolo imalemera chakutsogoloko, ikhoza kumugwera mwana. Imangirireni kukhoma ndi kachitsulo. Anga anagwetsa shelufu ya mabuku, mwayi panalibe wovulala, koma tiyipoti ya amayi inatsala chogwirira chokha. Ndinachisungabe chogwiriracho, musandifunse chifukwa.

Mayi Dalitso:
Kuboola kabati yakale n'kuigwetsa mtengo.

Mayi a Mapasa:
Mwana mtengo wake ndi zingati mayi?

Achimwene K:
Ndalama ya mwezi wonse chifukwa cha makapu asanu? Pitani kwa kalipentala akupangireni kabokosi ka galasi kopachika kukhoma, ana sangafikire, azakhali sanganyamule. Gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengowo likwanira.

Bambo a Tadala:
Gawo limodzi mwa khumi? Mwagulako galasi posachedwa achimwene? Ine nditafunsa kuti andikonzere pakona pokha paja anatchula theka la mtengo wa kabati yonse.

Nambewe:
Zikomo nonse. Dzulo ndinapitako ndi tochi. Mano a madilowa ndi ofanana onse. Masikuluwu a zitseko zapamwamba ndi a mzere umodzi, koma kumbuyo kuli amtanda ndipo thabwa lakumbuyolo ndi pulayiwudi, akuti linasinthidwa. Mwendo umodzi uli ndi timabowo, ndinawerenga 11. Nditatulutsa pepala lakuda mwiniwake anaseka, n'kunena kuti wina akubwera Loweruka ndi ndalama m'manja, koma n'kuchotsanso pang'ono pa mtengo. Vuto ndi lakuti nditatsegula chitseko munatuluka fungo lomwe lija la m'chipinda cha agogo. Ndinaima pamenepo kaye osayankhula. Bambo akunyumba akuti fungo silimalipira lendi.

Mmisiri Wakale:
Pepala munalisiya?

Nambewe:
Ndinalisiya. Anati alisamala.

Bambo a Tadala:
Alisamala ndi tsache. Wa Loweruka uja anabweranso kwa ine, ndi m'bale wake ameneyo.

Mayi Dalitso:
Ngati ndi mahogany yeniyeni, pa mtengo umenewo akukupatsani ulere. Mundipatse nambala ngati simukugula.

Telala J:
A Naphiri, za makina zija ndikudikirabe. Bobini yake ndi yozungulira kapena yaitali ija?