rx_bytes ikulumpha pa bodi ya 32-bit, ndiyike spinlock?

wophunzira_kernel:
Akuluakulu thandizeni. Ndikulemba driver ya network pa Linux, rx_packets ndi rx_bytes (zowerengera mapaketi ndi ma byte olandiridwa) ndazipanga u64, nambala ya 64-bit, ndipo ndimaziwonjezera mu NAPI poll, function yomwe kernel imayitana kuti itole mapaketi ofika. Pa laputopu ya x86_64 zili bhobho koma pa kabodi ka ARM ka 32-bit ndikamawerenga /proc/net/dev pafupipafupi nthawi zina rx_bytes imalumpha ndi 4 GB yathunthu kenako n'kubwerera pomwe inali. Ndingoyika spinlock (loko yodikiritsa CPU ina mpaka inzake imalize) paliponse pomwe ndikuwonjezera? Mantha anga ndi oti mapaketi ayamba kuchedwa.

mdala_wa_C:
Spinlock isiyeni kaye aise. Purosesa ya 32-bit siyilemba u64 kamodzi, imalemba theka la m'munsi payokha la m'mwamba payokha, nde wowerenga akafika pakatikati amatola theka lakale ndi theka latsopano. 4 GB mukuyionayo ndi 2^32 basi, pomwe theka la m'munsi ladzadza n'kuyambiranso pa 0, ndipo pa gigabit yodzadza zimenezi zimachitika pafupifupi masekondi 34 aliwonse nde musadabwe kuti mwazigwira msanga.

Mankhwala ake alipo kale, u64_stats_sync. Polemba mumatsekera ndi u64_stats_update_begin ndi u64_stats_update_end, powerenga mu ndo_get_stats64 (function ya driver yopereka ma stats kwa kernel) mumapanga do while, u64_stats_fetch_begin pamwamba u64_stats_fetch_retry pansi. Pa 32-bit mkatimo muli seqcount, kanambala komwe wolemba amakweza akamayamba ndi akamamaliza, wowerenga akaona kuti nambalayo yasintha iye ali mkati amangobwereza, wolemba sadikira munthu. Pa 64-bit zonsezi zimasanduka zopanda kanthu pokompaila.

napi_poll:
Zoona izo koma pali pomwe anthu amagwera. u64_stats_sync imateteza wowerenga yekha, olemba awiri siyiwalekanitsa ayi. Ma CPU awiri akalowa update_begin pa syncp (struct ya u64_stats_sync ija) imodzi nthawi imodzi seqcount imasokonekera ndipo nambala zina zimatayika, ngakhale pa 64-bit pomwe zimatayika chifukwa += si atomic. Nde queue iliyonse ikhale ndi syncp yake, kuphatikiza nambala za ma queue onse muzichita powerenga. u64_stats_init musayiwale mu probe (pomwe driver imayambitsa device), komanso mutex mu ndo_get_stats64 ndiyoletsedwa, /proc/net/dev imayitana ili mu rcu_read_lock, mutex imatha kugona podikira pomwe kugona sikuloledwa mmenemo.

wophunzira_kernel:
Eish rx ndi tx zanga zili mu struct imodzi, tx ndimawonjezera mu ndo_start_xmit. Nanga atomic64_t bwanji, sizingathere pompo?

napi_poll:
Zigaweni, xmit itha kuthamanga pa CPU ina pamene poll ili pa ina. atomic64 imagwira inde koma paketi iliyonse cache line izingokhalira kuyenda pakati pa ma core, ndipo pa ma 32-bit ena atomic64 mkati mwake ndi spinlock yomwe mukuthawayo. Kwa zinthu zapatalipatali ngati tx_dropped kapena ma error ine sindivutika, DEV_STATS_INC ikukwanira.

mdala_wa_C:
Ndipo ngati device yanu ndi ya virtual yopanda ma ring (ma queue a hardware), musalembe zanu, tengani za per-cpu zopangidwa kale, dev_sw_netstats_rx_add polemba ndi dev_get_tstats64 powerenga. Kwa inu wa hardware u64_stats_t ndi u64_stats_add pa ring iliyonse, ndipo mu poll sonkhanitsani mapaketi ndi ma byte mu ma variable wamba n'kupanga update kamodzi kumapeto kwa poll, osati pa paketi iliyonse.