Mphatso zenizeni za ku Ireland zopita nazo kumudzi, ndigule chani?

Nabanda_D15:

Moni nonse a m'gulu muno, ndili ndi funso koma musandiseke. June yomwe ikubwerayi ndikupita kumudzi patatha zaka zisanu ndisanapondeko, ndipo ulendo uno ndikukaonekeranso kwa apongozi koyamba chifukwa ukwati tinangomangitsa konkuno ku Dublin nthawi ya covid ija, achibale anaonera pa foni basi. Ndiye sindikufuna kukafika ndi chokoleti ndi pefyumu wa pa eyapoti ngati mmene timachitira tonse, ndikufuna chinthu choti munthu akachigwira adziwe kuti ichi chachokeradi dziko lomwe mwana wathu akukhala. Loweruka ndinalowa mu shopu ina mtauni muja mogulitsa zinthu za alendo, ndinatola juzi yoyera ya zingwezingwe ija amati Aran, kutsogolo apachikapo pepala lalikulu lobiriwira lolemba Ireland ndi kachithunzi ka nkhosa, koma nditaitembenuza mkati ndinapeza kalebulo kakang'ono koti yapangidwa dziko lina lakutali ndipo theka lake ndi acrylic, ulusi wopangidwa mufakitale osati ubweya wa nkhosa. Ndinangoibwezera pomwe ndinaitenga nkutuluka. Ndiye abale amene mwakhalitsa kuno tandiuzeni, amene akupangadi zinthu konkuno ndi ndani? Oti ndiwagulire ndi bambo anga omwe ali ku Dedza kozizira kuja, apongozi aamuna omwe ndi mkulu wa mpingo ndipo akuti sayenda opanda jekete ndi chipewa, apongozi aakazi, ndi mng'ono wanga. Ndapatula mayuro ngati 500 ndipo ndili ndi masutikesi awiri a 23 kg.

Mbewe_Galway:

Achemwali mwafunsa pabwino, ine ndili ku Galway ndipo zilumba za Aran zomwe juziyo inatengera dzina zili pompa, ukakwera boti ku Rossaveal mphindi ngati 40 wafika pa Inis Mór. Zilipo zitatu, Inis Mór, Inis Meáin ndi Inis Oírr, miyala yokhayokha ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Choyamba mudziwe kuti dzina loti Aran lilibe mwini, ndi dzina la kalukidwe chabe, ndiye fakitale iliyonse padziko pano itha kuluka zingwezingwe zija nkulemba Aran ndipo palibe angaigwire. Nchifukwa chake munapeza zomwe munapezazo.

Majuzi enieni opangidwa kuno alinso pamitundu itatu ndipo mtengo umatsata pomwepo. Pali yolembedwa hand knit, iyi ndi ya munthu kukhala pampando ndi zingano ziwiri kwa masabata angapo, imakhala yolemera ngati bulangete ndipo ine sindinaionepo pansi pa mayuro 200, zambiri zimapitirira kutali. Pali hand loomed, apa ndi makina aang'ono okankha ndi dzanja, kenako pali ya makina a fakitale yomwe ndi yambiri m'mashopu, yabwinobwino ndithu ngati ubweya wake uli weniweni. Pa Inis Meáin pali kampani yoluka yomwe inayamba 1976 ndipo mpaka lero ikulukira pachilumba pomwepo, zinthu zake ndi zokongola koopsa koma bajeti yanu ithera pa bambo okha kkkk.

China chomwe chinandidabwitsa ine, ngakhale juzi yolukidwa mu Ireland mom'muno, nthawi zambiri ubweya wake ndi wa nkhosa za mtundu wa merino wochokera ku Australia kapena New Zealand. Nkhosa zonse mukuziona m'mapirimu amawetera nyama, ubweya wake ndi wokhakhala umayabwa pakhosi, moti alimi amadandaula kuti ndalama yomwe amapeza akagulitsa ubweya siikwana ndi kulipira womwe wameta. Ngati mukufuna wa nkhosa za kuno fufuzani fakitale ya Cushendale ku Graiguenamanagh, County Kilkenny, iwo amagwiritsako ntchito ubweya wa nkhosa za mtundu wa Galway. Ndipo wogulitsa akayamba kukuuzani kuti banja lililonse linali ndi kalukidwe kake kuti msodzi akamira amuzindikire ndi juzi, ingomwetulirani, ndi nthano yogulitsira malonda imeneyo, majuziwa anayamba cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pompa, si a makolo akalekale ayi.

Za mng'ono wanuyo mugulireni mphete ya Claddagh, ija ya manja awiri atagwira mtima wovala chisoti chachifumu. Claddagh unali mudzi wa asodzi kutsidya kwa mtsinje wa Corrib, ukuuona uli mtauni momwemo, ndipo shopu ya Thomas Dillon pa Quay Street yakhala ikupanga mphetezi kuchokera 1750. Ya siliva siidula kwenikweni. Muyang'ane mkati mwa mphete pakhale tizidindo ting'onoting'ono ndi nambala 925, kuno kuli ofesi yoyesa siliva ndi golide yomwe inayamba 1637 ndipo pano ili ku Dublin Castle, koma chidindocho chimangotsimikiza kuti chitsulo ndi chenicheni, za komwe yasulidwa mufunse pakamwa. Mukamuuzenso mavalidwe ake, kudzanja lamanja nsonga ya mtima italoza kunja ndiye kuti alibe munthu, ikaloza kwa iye mwini ndiye kuti alipo wina, asakavale mozondotsa nkumadabwa kuti anyamata asiya kumupatsa moni.

Kabwila99:

Aise inu mukuzivutitsa. Mayuro 500 mukasintha ndi makwacha angati amenewo? Apatseni anthu agule feteleza, juzi ali nazo kale za pa kaunjika ndipo ndikukuuzani zina mwa izo ndi Aran yeniyeni yomwe azungu anataya, amalume anga anatola ina ku Tsoka mtengo wa mandasi, nditabwera kuno ndi pomwe ndinadziwa kuti akudyetsera nkhumba atavala chuma.

MayiWaAwiri_Mayo:

A Kabwila ndalama imatha sabata imodzi ndipo palibe amakumbukira kuti inachokera kwa ndani, mkamwini kapena mtengwa wofika chimanjamanja amamukamba mpaka kalekale, musamusokoneze mwana.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Mayo ndipo za kuluka ndinaziona ndi maso. Pali agogo ena omwe ndinkawasamalira, zaka zoposa 80, dzina langa ankaiwala tsiku lililonse koma ukangowapatsa zingano zala zimayamba zokha. Anali ndi kasingano kachitatu kakafupi kokhota komwe ankakasomeka kukhutu ngati kalipentala ndi pensulo, akafika popinda chingwe amakasolola, kunyamulira timaso titatu kutsogolo, kuluka tina titatu, kubwezera tija, chingwe chapotoka, maso ali pa TV. Ankandiuza kuti ali mtsikana kampani inkawatumizira ubweya pa positi, iwo nkuluka usiku ana atagona nkubweza juzi yathunthu, ndalama yake ndi yomwe inkagula nsapato za ana. Ubweya wina womwe anasunga mu kabati unali wosachapidwa kwambiri, wonona m'manja ndipo umanunkha khola pang'ono, akuti mafuta amenewo ndi omwe ankapangitsa kuti mvula isalowe. Ndiye mukaona hand knit ya mayuro 300 musati akuba, werengani masiku.

Koma kwa bambo anu ine ndikanati bulangete osati juzi, saizi simungalakwitse ndipo amayi nawo afunda nawo. Pafupi ndi kuno pali Foxford, fakitale yomwe anayambitsa sisitere wina dzina lake Agnes Morrogh-Bernard mu 1892, nthawi imeneyo dera lino linali pa umphawi wadzaoneni anthu akungothawira ku America, iye anaona madzi a mtsinje wa Moy akuthamanga pakati pa tauni nkuti awa atha kuyendetsa makina, anakongola ndalama, ndipo amene anamuthandiza za ukadaulo anali mpolotesitanti wa ku Tyrone, zomwe masiku amenewo sizinali zamasewera. Nditamva nkhaniyi ndinakumbuka masisitere a ku Ireland omwe timawadziwa m'zipatala za mishoni kwathu, mtima wake ndi womwewo wosadikira boma. Mpaka lero akuwomba pamalo pomwepo ndipo ukapita umamva makina akulira. Avoca ku Wicklow ndi yakale kuposa pamenepo, 1723, kwa inu a ku Dublin ndi pafupi, mabulangete ake amitundumitundu aja akuwombedwabe kumudzi kwa Avoca komweko ngakhale kampaniyo anagula a Aramark a ku America mu 2015, koma zina zodzadza m'mashopu mwawo ndi zochokera konsekonse ndiye lebulo muziwerengabe chinthu chilichonse pachokha.

Apongozi aamunawo nkhani yawo ndi Donegal tweed basi, musaganizenso kawiri. Ndi nsalu yaubweya yokhuthala yokhala ndi timadontho tamitundu tomwazika, tofiira, tachikasu, tobiriwira, ukaiona patali imaoneka yotuwa wamba koma ukayandikira ndi pomwe umaona zonsezo. Magee ali mtauni ya Donegal kuchokera 1866, jekete yawo ndi yodula kwambiri pa bajeti yanuyo, koma mtauni momwemo muli Hanna Hats omwe akusoka zipewa kuchokera 1924, kapu yafulati ija ya madala. Imeneyo mkulu wa mpingo akaivala Lamulungu mmawa wa July mwawina mlandu. Ingofunsani amuna anu ayeze mutu wa bambo awo ndi chingwe mwachinsinsi, masaizi ake amapita pa masentimita. Ku Kilcar kulinso Studio Donegal komwe akuwombabe ndi manja, masikafu awo ndi opepuka bwino mu sutikesi.

Chisale_Deise:

Ndaona palibe watchula matambula ndiye ndiyankhe ndisanafunsidwe poti ndimakhala ku Waterford. Apongozi aakazi ambiri amakonda zoika mu kabati ya galasi pabalaza ndiye mtima ukhoza kukutengerani ku Waterford Crystal, koma mudziwe mbiri yake kaye. Anayambitsa a Penrose, George ndi William, mu 1783, inatseka 1851 nkukhala chitsekere pafupifupi zaka 100, amene anadzaidzutsa mu 1947 anali Charles Bacik wochokera ku Czechoslovakia, ndipo kadulidwe kotchuka ka Lismore anajambula mnzake Miroslav Havel mu 1952. Fakitale yaikulu ya ku Kilbarry inatseka January 2009, antchito anakana kutuluka anagona momwemo masabata angapo, mpaka lero ukakwera takisi kuno upeza dalaivala wake kapena bambo ake ankagwira ku galasi. Pano dzinalo ndi la Fiskars ya ku Finland, omwe aja a masizasi a chogwirira cha olenji, anagula 2015. Pa Mall mtauni muno pali malo pomwe akuuzirabe ndi kudula galasi ndipo alendo amaloledwa kuona, koma zambiri za m'mabokosi zimapangidwa kunja makamaka ku Slovenia, pansi pa bokosi amalemba. Si kuti ndi zoipa ayi, koma inu mwati mukufuna za konkuno. Ena mwa amisiri akale anatsegula timashopu tawotawo, kumeneko umagula kwa munthu yemwe wadula ndi manja ake.

Ngakhale zili choncho ine sindingakulangizeni. Chaka china ndinanyamula matambula anayi, ndinakulunga lililonse mu sokosi kenako mu thaulo pakati pa zovala, kufika ku Lilongwe kutsegula sutikesi awiri anali mchenga, ndinachekekanso chala pofufuza, awiri otsalawo amayi anawatsekera mu kabati ndipo palibe anamwerapo chifikireni. Ziwiya zadothi za Belleek ndiye musayerekeze, amapanga ku Fermanagh kumpoto kuchokera 1857, dothi lake ndi lopyapyala moti ukaloza kudzuwa kuwala kumadutsa, timadengu tawo amaluka ndi tizingwe tadothi ngati supageti, pa msewu wa kumudzi kwanu sitikafika. Makapu a Nicholas Mosse a ku Bennettsbridge ndi olimbako, maluwa ake amadinda ndi siponji, koma munthu wa ku Dedza kupita ndi makapu adothi kuli ngati kupita ndi usipa ku Nkhata Bay.

Apongozi aakazi agulireni nsalu ya patebulo ya Irish linen. Thomas Ferguson ku Banbridge akuwomba kuchokera 1854, ija yoyera yokhala ndi maluwa ooneka ukaipendeketsa. Mbewu ya flax yomwe ulusi wake umachokerako masiku ano imalimidwa ku France ndi Belgium koma kuwomba ndi konkuno. Siisweka, siilemera, ikamachapidwa imanka ifewa, ndipo abusa akabwera kudzadya nkhuku idzayalidwa ndi dzina lanu kutchulidwa.

Nabanda_D15:

Eee abale zikomo, ndalemba zonse. Ndiye bambo bulangete, apongozi chipewa cha Hanna ndi nsalu ya patebulo, mng'ono wanga mphete, ikatsala ndalama ndiwonjezera sikafu ya amayi poti ndinawaiwala pa mndandanda, asamve. A Kabwila feteleza ndinatumiza kale November musadandaule. Funso lomaliza, bulangete laubweya chonchi kumudzi akalisamala bwanji, poti kwathu chilichonse chimapita pa mwala ndi sopo wa m'gwalangwa?

MayiWaAwiri_Mayo:

Apo ndiye muwauze mobwereza, ndipo muuze amene amachapa osati bambo. Madzi ozizira okha, sopo pang'ono, osapikicha, osamenyetsa pa mwala, osafinya mopotokola, aliyanike chogoneka pamthunzi. Ine ndinatumizira achimwene anga juzi yabwino, mlamu wanga pofuna kuonetsa ukhondo anainyika m'madzi otentha, pano ikuvalidwa ndi mwana wawo wa sitandade 3. Nthawi zambiri silifuna nkuchapa komwe, kungolikung'untha nkulipachika pa mphepo. Nyengo yotentha ikafika aliike mu pepala la pulasitiki lotseka bwino lili loyera, apo ayi njenjete zidzayamba ndi la Foxford lomwelo nkusiya a ku China onse ali bwinobwino.