Oyimba folk a ku Japan aja analowa bwanji mu funk?

WakuLizulu:
Abale ndithandizeni. Mng'ono wanga wandiikira mu foni nyimbo za ku Japan zomwe amati city pop, besi yake yolemera bwino, malipenga komanso kiyibodi, zovinika ndithu. Ndiye akundiuza kuti ambiri mwa anthu amenewa anayambira folk, gitala yopanda magetsi basi. Anasintha bwanji chonchi? Ndi ndalama kapena?

MnyamataWaBembeke:
Ndalama inalipo achimwene koma si yokhayo. Mu 1969 folk kumeneko inali nyimbo ya zionetsero, achinyamata ankadzadza pa siteshoni ya Shinjuku ku Tokyo kuyimba zotsutsa nkhondo ya ku Vietnam mpaka apolisi anawabalalitsa. Zionetserozo zitazilala anthu anatopa nazo zandale, chuma chikukwera, anthu akugula magalimoto okhala ndi kaseti, kenako Sony inatulutsa Walkman, kachipangizo ka kaseti komvera nyimbo ukuyenda, mu 1979, ndiye anthu amafuna nyimbo zomvera ukuyendetsa usiku mtauni osati zodandaula.

NaPhiri_Ntcheu:
Musaiwale bandi ya Happy End, gwero lake ndi limenelo. Anyamata amenewa ankayimbira kumbuyo Okabayashi Nobuyasu, katswiri wa folk, komanso iwo eni ankayimba folk rock mu chi Japan pomwe anzawo ankati rock imakoma mchingerezi chokha. Bandi itatha mu 1972, awiri a mu bandiyo, Haruomi Hosono ndi Shigeru Suzuki, anayambitsa gulu lomwe linadzatchedwa Tin Pan Alley, lomayimbira anthu ena mu situdiyo. Suzuki anapita ku America kukajambula ndi anyamata a bandi ya Little Feat, chimbale chinatuluka 1975. Chaka chomwecho Chu Kosaka, yemwe ankayimba zofatsa za folk, anatulutsa chimbale cha soul ndi funk mothandizidwa ndi Hosono, ndipo Eiichi Ohtaki, wa mu Happy End momwemo, anatulutsa chimbale cha Sugar Babe, bandi ya Tatsuro Yamashita ndi Taeko Onuki pa lebulo yake ya Niagara. Ndi anthu omwewo basi, anangophunzira kuyimbira limodzi ndi ng'oma ndi besi.

AgogoAkuTsangano:
Ine ana inu zimandiwawa. Luso analipeza inde koma mawu aja olankhulira anthu wamba anachepa, zangati kuno kwathu kiyibodi itabwera mabandi a banjo anayamba kusowa pa maukwati.

NaPhiri_Ntcheu:
Agogo pamenepo mukunena zoona, zandale zinachepadi. Koma Takashi Matsumoto, woyimba ng'oma wa Happy End uja, anadzakhala mlembi wamkulu wa mawu a nyimbo ku Japan konse, ndiye kulemba bwino sikunafe ayi.

WakuLizulu:
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi Kosaka, ndimve zakale zake kaye kenako za 1975.