Ndikupemphera koma kuli zii, ndidziwa bwanji kolowera?

Mayi wa Awiri

Abale, ndithandizeni maganizo. Amuna anga anatisiya miyezi inayi yapitayi, atangodwala masabata awiri okha. Nsapato zawo zakuntchito zikadali kuseri kwa chitseko momwe anazivulira, ndikamasesa ndimangozilambalala.

Tsono achemwali anga akuti ndisamuke ndi ana tikakhale nawo pafupi. Apongozi akuti ayi ndisachoke, ana asasinthe sukulu. Onsewo akundifunira zabwino, ndikudziwa. Ine ndagwada mpaka maondo kuwawa kufunsa Mulungu kuti nditani, koma kuli zii. Masiku ena ndimangoti "Atate" basi, mawu n'kuthera pakhosi. Ndipo ndisabise, munthu akandiuza kuti chinali chifuniro cha Mulungu, mtima umandiwira. Kodi n'kuchepa kwa chikhulupiriro kumeneku? Inu amene munadutsamo, munadziwa bwanji kuti apa ndi Mulungu akulankhula, osati mantha anu?

Gogo Wamasiye

Pepani mwananga. Ine chino n'chaka cha 11 chimwalirireni bambo a kwathu, ndiye zomwe mukunenazi sindikuzimva ngati nkhani ya eni.

Muwerenge 1 Mafumu 19. Eliya, mneneri wamkulu uja, anakhala pansi pa mtengo n'kupempha kuti angofa. Mngelo atabwera sanamulalikire, sanamufunse za chikhulupiriro. Anamudzutsa kuti adye, iye n'kugonanso, n'kumudzutsanso kachiwiri kuti adye. Mawu aja oti apite kwakuti ndi kukachita zakuti anadzawamva atayenda masiku 40 mpaka ku phiri la Horebu, ndiponso sanabwere ndi chimphepo kapena moto, anabwera motsitsa. Ndiye ndikufunseni: mukugona? Mukudya? Poti miyezi inayi n'dzulodzuloli. Ine ndinagulitsa katundu wambiri mwezi wachitatu chifukwa kumuona kunkandipweteka, lero ndimalakalaka ngakhale mpando wawo umodzi. Ngati palibe chokuthamangitsani, auzeni onse awiriwo kuti muwayankha chaka chikatha. Nsapatozo zisiyeni pomwepo, sizikulakwira munthu.

Bambo wa Kwaya

Za kuwira mtimazo musadziimbe nazo mlandu mayi. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba aja, atangokhala naye pansi osanena kanthu. Zinaipa atayamba kumufotokozera chifukwa chake akuvutika, ndipo kumapeto Mulungu anakwiyira iwowo. Muonenso Salimo 88. Masalimo ambiri odandaula amatha ndi kutamanda, koma limeneli limathera mumdima, ndipo sanalichotse m'Baibulo. Tsiku lomwe mawu akukanikani, liwerengeni mokweza likhale pemphero lanu.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni: zotsegula Baibulo mwachisawawa n'kuloza vesi ndi chala kuti yankho ndi limenelo, ayi. Mwana wanga atamwalira ndinachitapo, ndinangodzisokoneza.

Mlongo Wanu mwa Ambuye

Ine ndisiyaneko pang'ono ndi agogo. Kudikira n'kwabwino, koma ena lendi ndi fizi siziwapatsa chaka. Naomi atataya mwamuna ndi ana ake awiri ku Mowabu sanaone masomphenya aliwonse. Anangomva kuti kwawo ku Betelehemu njala yatha, n'kunyamuka (Rute 1:6). Anafikanso ali wowawidwa, mpaka kuuza anthu kuti azimutchula Mara. Koma paulendo womwewo m'pomwe panadzachokera Obedi, agogo ake a Davide. Ndiye tengani pepala mulembe: ndalama zikukwana kuti, ana akuti chiyani, ndani angabwere usiku mwana atatentha thupi. Mukatero mupemphe nzeru monga akunenera Yakobo 1:5, musankhe. Mulungu satsogolera ndi maloto okha.

Mayi wa Awiri

Zikomo nonse, ndawerenga misozi ili chuchuchu. Agogo, zogonazo mwandigwira, ndimadzuka 2 koloko usiku uliwonse, nthawi yomwe ndinkawapatsa mankhwala. Ndipo ndachita manyazi kuti ana sindinawafunse n'komwe. Dzulo ndamufunsa wamkuluyo, wa zaka 12, ndipo wati iye kulikonse apita, bola tinyamule njinga ya adadi ake. Wamng'onoyo sanayankhe, anangokwera pamiyendo panga. Pepala lija ndaliyamba, ndalemba mizere itatu. Achemwali ndawaimbira kuti andipatse mpaka teremu ino ithe.