Mizere ya miyala ya ku Stillwater inaima bwanji?

wophunzira_miyala: Akuluakulu, ndithandizeni. Akuti miyala ya Stillwater ku Montana, m'dziko la America, inapangika zaka mabiliyoni 2.7 zapitazo, chiphalaphala chitazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka, timiyala tolemera totchedwa olivine ndi chromite n'kumatsikira pansi mosanjikizana. Ndiye mizereyo imayenera kukhala yogona. Nanga pazithunzi ikuonekeranji yoimirira?

mkulu_wa_mgodi: Poyamba inalidi yogona. Kupendekekako kunabwera mochedwa, makamaka nthawi ya Laramide, nyengo ya kupangika kwa mapiri kumadzulo kwa America, pamene mapiri a Beartooth a kuderako ankatukuka. Nthaka inapanikizika, ming'alu n'kukankha chimwala chonsecho, mwakuti pena mizere inachita kugadabuzika. Anthu okumba chitsulo chamtengo wapatali cha palladium mu J-M Reef, umodzi mwa mizere ya ku Stillwater komweko, amadziwa bwino vutoli: ukutsata mzere wopyapyala, mwadzidzidzi wadulidwa, ukaupezanso wasunthira kwina.

wophunzira_miyala: Zikomo akulu. Koma ikagadabuzika mumadziwa bwanji kumene kunali kumwamba?

namiyala: Yang'anitsitsani mzere umodzi, achimwene. Kawirikawiri pansi pake pamachuluka timiyala takuda ta pyroxene, ndipo umanka nuyera ndi timiyala toyera ta plagioclase chokwera, ngati matope akadikha m'chidebe. Musadalire mzere umodzi wokha ayi, ina imanamiza. Yerekezaninso ndi miyala yosanjikizana ngati yomweyi ya ku Bushveld ku South Africa: kumeneko mizere inangoweramira pakati pang'ono basi.