RAV4 ya ku Area 25 ikuzima pamaloboti: tigule EGR ina kapena ayi?

Mwini galimoto, Cape Town: Akuluakulu, mwaswera bwanji kumene muliko? Ndigawireniko nzeru. RAV4 ya 1996, injini 3S-FE ya petulo, ili kwathu ku Area 25, akuyendetsa ndi mng'ono wanga. M'mawa imalira bwinobwino, koma ikangotentha imanjenjemera ikaima, ndipo pamaloboti a m'tauni imazima akapanda kupondako mafuta. Mapulagi ndi mawaya ake asintha koma vuto lidakalipo. Kugalaja amuuza kuti valavu ya EGR yafa. Ndigule kuno ndiitumize pa basi? Mng'ono wangayo ndamulowetsa m'gulu muno.

Madala a ku Germiston: Musagule kaye, achimwene. Pa ma Toyota akalewa valavuyo ndi chitsulo, kasipuling'i ndi mpira basi, siifa wamba. Ntchito yake ndi kubweza utsi pang'ono kuchokera ku ekizozi kuti ulowe mu manifodi ya mpweya (paipi yogawira mpweya ku masilinda), moto wa m'masilinda usatenthe mopitirira, chifukwa pamoto wotentha kwambiri m'pamene pamapangika mpweya woipa uja amati NOx. Pa injini ya petulo imayenera kutseguka injini itatentha, galimoto ikuyenda pa mafuta apakatikati. Pa idling iyenera kutsekeratu, injini ikakhala yozizira chimodzimodzi. Ikatsala yotseguka ngakhale pang'ono pa idling, injini imapuma utsi wake womwe, n'chifukwa chake imanjenjemera. M'mawa vutolo limabisala popeza kompyuta imakweza idling ndi kuwonjezera mafuta. Zizindikiro zikugwirizana ndithu, koma paipi ya vakyumu (mphamvu yokoka mpweya) yong'ambika imachitanso zomwezi, valavu ya idling ya pa throttle (kachitseko ka mpweya kotsegulidwa ndi pedulo ya mafuta) ikada imachitanso zomwezi. Ndiye tiyeze tisanataye ndalama.

Aphwanga a ku Area 25, mwatsegula boneti? Valavu ili chakumbuyo kwa injini pa manifodi ya mpweya, ili ndi chipewa chozungulira ngati bowa, pamwamba pake pali kapaipi kakang'ono ka mpira. Pafupi pali kena kapulasitiki kozungulira kokhala ndi timapaipi tingapo, ameneyo ndi modulator. Jambulani chithunzi cha timapaipi tonse musanakhudze chilichonse.

Mng'ono, Area 25: Ndaziona zonse ziwiri, madala. Chithunzi ndajambula.

Madala a ku Germiston: Imikani galimoto panja, osati m'kagalaja kotseka, utsi umapha. Kokani handibuleki, lizani injini mpaka itenthe n'kuyamba kunjenjemera kuja. Zulani kapaipi ka pachipewa, ikani chala pakamwa pake. Kakukoka chala? Pa idling sikayenera kukoka. Kakamakoka ndiye kuti wina anasokoneza timapaipi, anakalumikiza molunjika ku manifodi m'malo mwa pa throttle, ndipo valavu yosalakwa ikungotsegulidwa nthawi yolakwika. Kenako tengani paipi ina yoyera yotalika ngati mkono, ivekeni pachipewapo, muyamwe ndi pakamwa, kapena mukoke ndi sirinji yaikulu ya 60 ml. Mumvetsere injini. Paipi yachitsulo yochokera ku ekizozi musaigunde, imawotcha.

Mng'ono, Area 25: Kapaipi sikakukoka chala, ndipo nditakazula injini ikunjenjemerabe. Nditayamwa paipi inayo injini yatsamwa n'kuzimiratu. Ndayesa kawiri. Ndikatseka paipiyo ndi lilime, imagwirabe osataya mpweya.

Madala a ku Germiston: Mwatiuza zinthu zitatu pakamodzi. Mpira wa m'chipewa ndi wamoyo, popeza ukusunga vakyumu. Njira ya utsi yopita mu manifodi siyotsekeka, popeza injini yazima. Timapaipi sitikutsegula valavu pa idling. Valavu yakufa singachite zimenezi. Chatsala n'chakuti mwina siikukhala bwino pampando pake chifukwa cha mwaye wouma.

Achemwali a ku Leeds: Musanamasule zitsulo, funsaninso kompyuta, ndi zaulere. Galimoto ya chaka chimenecho ngati inachokera ku Japan, makina wamba a OBD2 aja, owerenga zovuta zimene kompyuta ya galimoto yasunga, mwina sailankhula nayo. Yang'anani kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pansi pa boneti, kuseri kwa chivundikiro chake analembako mayina a mabowo. Lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya, tsegulani kiyi osaliza injini, muwerenge kuphethira kwa nyali ya check engine. Ikamangophethira mofanana osapumira, palibe chomwe yasunga. Ikaphethira kasanu ndi kawiri, n'kupumira, n'kuphethira kamodzi, imeneyo ndi 71, nambala ya EGR pa Toyota yakale. Koma dziwani kuti ngati injiniyo ilibe sensa yoyeza kutentha kwa utsi pa EGR, kompyuta siiona vutoli ngakhale litakula bwanji. Chomwe ndikufuna kwenikweni ndi 21 kapena 22, za sensa ya oxygen ndi ya kutentha kwa madzi, chifukwa zimenezo n'zomwe zimadyetsa injini mafuta ochuluka mpaka mwaye. Amene muli ndi magalimoto a OBD2, zanu ndi P0401 utsi ukamadutsa wochepa, P0402 ukachuluka, P0403 vuto likakhala la magetsi.

Mng'ono, Area 25: Achemwali, ikungophethira mofanana, mwachangu.

Wa dizilo, Durban: Ndiye njira yachidule ilipo. Dulani pa chitini kachidutswa ka lata kofanana ndi gasiketi koma kopanda bowo, mukaike pakati pa valavu ndi manifodi. Idling ikakhazikika, wolakwa wapezeka. Chitini chikhale chachitsulo, osati cha zakumwa chija cha aluminiyamu, chimabooka. Ambiri amangokasiya pomwepo, nkhani n'kutha.

Madala a ku Germiston: Poyezera, kalatako n'kabwino, sindikutsutsa. Koma kukasiya pa injini ya petulo ayi. Nthawi imene moto umayaka anaikonza powerengera kuti utsi uja ukhala ukulowa. Mukautsekera, injini imayamba kugogoda ngati timiyala m'chitini pamene ikukoka, makamaka kotentha kwa Okutobala galimoto itadzaza, pachitunda ngati mukukwera ku Dedza. Kugogoda kumeneko n'kumene kumadya mapisitoni. Komanso kuti kalatako kalowe muyenera kumasula manati omwewo ochotsera valavu, ndiye bwanji osangoichotsa n'kuiona ndi maso?

Achemwali a ku Leeds: Ndipo amene muli kuno ku UK musayerekeze n'komwe. Pa MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka, akaona kuti chida chochepetsa utsi chomwe galimoto inabwera nacho chachotsedwa kapena kusinthidwa, galimoto siidutsa.

Mwini galimoto, Cape Town: Tamva. Madala, muuzeni kachotsedwe kake mwatsatanetsatane, asathyole kanthu.

Madala a ku Germiston: Injini izizire kaye. Madzulo ano thirani mafuta ofewetsa dzimbiri pa nati yaikulu ya paipi yachitsulo ndi pa manati awiri ogwira valavu ku manifodi, zigone choncho, m'mawa muthirenso. Yambani ndi nati yaikuluyo valavu idakali yomangika, ndi sipanala yokwana bwino, osati bobojani, amangoilalitsa. Ikakana musaikakamize ndi chipaipi chowonjezera, paipi yachitsuloyo ikapotoka ndi imene imavuta kupeza kuposa valavu. Igogodeni pang'ono m'mbali, thiraninso mafuta, dikirani. Gasiketi mugule yatsopano musanayambe, mupite ndi chithunzi ndi nambala ya injini kwa ogulitsa masipeya ku Biwi. Silikoni wamba pamenepo amapsa.

Mukaichotsa, itembenuzeni, muthire parafini pang'ono m'bowo limodzi valavu ili yotseka. Akatulukira bowo linalo, ikutaya. Potsuka gwiritsani ntchito sipuleyi ya carb cleaner, chitini chimodzi chikwana, ndi kabulashi kawaya kakang'ono. Gwirani valavu chipewa chili m'mwamba kuti mankhwala asatsikire kumpira, amauwononga. Yamwani paipi ija kuti kamtengo kachitsulo kakwere, mupale mwaye wa pampando ndi wa pakamutu kake. Pampandopo musakande ndi sikuludilaiva, gwiritsani kamtengo kolimba kapena waya wamkuwa. Bowo la mu manifodi mulipititse nthambo yakale ya mabuleki a njinga, yomwazika kunsonga, mukuizunguza. Sipuleyiyo imayaka, mbaula ndi fodya zikhale kutali.

Mng'ono, Area 25: Madala, yatuluka, palibe chathyoka. Parafini anadutsa ngati palibe chotseka. Nditakweza kamtengo ndapeza kachidutswa ka mwaye kouma ngati njere ya mapira katakanirira pampando, ndipo m'mbali monse muli chikhakha chakuda. Ndatsuka mpaka chitsulo chaoneka. Tsopano parafini wakhala mphindi zisanu osadontha. Ndabwezera, ndaliza, yatentha, idling ili phee.

Mwini galimoto, Cape Town: Zikomo kwambiri akuluakulu, ndalama ija yapulumuka.

Madala a ku Germiston: Musathamangire kutseka boneti. Manati awiri aja mwamanga bwanji? Safuna mphamvu, mungomanga mosinthanasinthana mpaka gasiketi igwire, mukapitirira mumazula ulusi mu aluminiyamu. Chachiwiri, mwayewo unachokera kwina, ndipo mukapanda kupeza kumene ukuchokera mudzamasulanso mvula isanathe. Tsegulani kachivundikiro ka pamwamba pa modulator, kamangozuka ndi chala. M'kati muli kasefa ngati thonje. Ndiuzeni mtundu wake.

Mng'ono, Area 25: Ndi kofiira, kolimba ngati dothi louma la pamsewu wathu uno.

Madala a ku Germiston: Ndi fumbi la katondo limenelo. Mvetsani mmene kanthuka kamagwirira ntchito, chifukwa ambiri amakadumpha. Modulator amachepetsa vakyumu yopita ku valavu polowetsa mpweya kudzera pakasefako. Kunsi kwake kuli paipi yonenepa yobweretsa mphamvu ya utsi, ndipo utsi ukamakankha kwambiri, kampira ka m'kati kamatseka polowera mpweya, vakyumu n'kukwera, valavu n'kutseguka. Kasefa kakatsekeka ndi fumbi mpweya sulowa, ndiye valavu imatseguka msanga ndiponso mopitirira. Galimoto imakhala ngati ikukayikira ponyamuka, utsi wambiri ukudutsa pampando paja. Kaphulitseni ndi mpweya wa kompulesa, musakatsuke ndi petulo, mukabwezere mmene kanalili. Kakanakhala kakuda ndi mwaye tikanati kampira kabooka, pamenepo mpofunika modulator wina.

Muyeseni chonchi. Pali zilembo P, Q ndi R pa timilomo take. Injini ili yozima, tsekani P ndi R ndi zala, muuzire pa Q. Mpweya uyenera kutuluka mosavuta pakasefa. Lizani injini, wina aigwire pa 2500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), muuzirenso, apa uyenera kukana mwamphamvu. Ukapanda kukana, onani paipi yakunsi ija, imatsekeka ndi mwaye kapena kupsa. Onaninso ekizozi. Ngati inabooka kapena anachotsamo catalytic converter, kachigubu koyeretsa utsi, mphamvu ya utsi imachepa, modulator satseka bwino, ndipo EGR imatseguka moperewera ngakhale zonse zili zabwino.

Achemwali a ku Leeds: Pali kachitatu, VSV, kaswichi ka magetsi komwe kompyuta imaletsera EGR injini ikakhala yozizira. Tsatirani kapaipi kochokera pa Q, kakufikitsani. Zulani pulagi yake, muyeze ndi mita pamapini awiriwo. Pa ma Toyota a petulo a zaka zimenezo mumapeza ma ohm pakati pa 30 ndi 40 kakakhala kozizira. Mita ikapanda kuwerenga kanthu, koyilo yaduka. Pakati pa pini ndi thupi lake pasakhale kulumikizana. Kapatseni 12V ya batire, kazimveka kuti tha, ndipo njira ya mpweya izisintha. Kamakonda kunama kakazizira n'kufa kakatentha, ndiye muyezenso mutangofika kuchokera m'tauni. Timapaipi touma kapena tong'aluka kunsonga musinthe kamodzikamodzi kuti musasokoneze, ndi ta 3.5 mm m'kati, mamita awiri akwana.

Funso langa ndi ili, aphwanga: geji ya kutentha imakhala pati mukamathamanga pa M1?

Mng'ono, Area 25: M'tauni imafika pakati. Ndikalowa msewu wa ku Kanengo m'mawa imatsika mpaka pafupi ndi C.

Achemwali a ku Leeds: Ndiye thermostat, valavu yoletsa madzi kupita ku redieta injini isanatenthe, mulibe, kapena inakanirira yotseguka. Kwathu ambiri amaichotsa poganiza kuti dziko lotentha siifunika. Injini ikamayenda yozizira kompyuta imangothira mafuta ochuluka, mwaye n'kumaunjikana, petulo n'kumatha msanga. Ikani ya 82°C ndi mpira wake watsopano, kabowo kake kotulutsira mpweya kayang'ane m'mwamba. Koma muyambe mwaona ngati redieta ndi yoyera ndiponso ngati fani ikuyaka yokha, chifukwa nthawi zambiri amene anaichotsa ankabisa vuto la kutentha. Ngati ikudyanso oyilo, kapena ikutulutsa utsi wabuluu poiliza m'mawa, umenewo ndi mwaye winanso wochokera ku timipira ta mavalavu.

Wa dizilo, Durban: Ndionjezere za amene muli ndi minibasi kapena Hilux ya dizilo kumudzi, musakopere mayeso oyamwa paipi aja n'kuyembekezera kuti injini izima. Dizilo pa idling imakhala ndi mpweya wochuluka, ndipo pa zambiri EGR imakhala yotseguka kale pa idling injini itatentha. Chizindikiro chake ikakanirira ndi utsi wakuda ndi kufooka ponyamuka. Vakyumu yakenso siichokera mu manifodi koma pa pampu, yomwe pa injini za 3L ndi 5L ili kumbuyo kwa alternator, ndipo ndi yomweyo imathandiza mabuleki. Ndiye pedulo ya buleki ikalimba, yambani ndi pampuyo musanaloze EGR. Mwaye wa dizilo umasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo n'kukhala phala lakuda lomata m'manifodi monse. Limenelo silichoka ndi sipuleyi manifodi ili pa injini. Imasuleni, itsukireni pansi, mabowo a pa head muwatseke ndi nsanza zoyera, ndipo iume gwa musanaibwezere, chifukwa dizilo imatha kuyaka ndi mankhwala otsalira n'kuthamanga yokha.

Madala a ku Germiston: Zoona zimenezo. China kwa amene muli ndi geji ya vakyumu: manambala a m'mabuku, 17 mpaka 21 inHg (muyeso wa pa gejiyo) pa idling, ndi a m'mphepete mwa nyanja yamchere ngati ku Durban ndi ku Cape Town. Lilongwe ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, ndiye muchotsepo pafupifupi 3. Kuno ku Joni timachotsa 5 kapena 6. Musaweruze injini yabwino kuti yatha chifukwa cha geji.

Mng'ono, Area 25: Kasefa ndaphulitsa kwa okonza matayala, modulator akukana mpweya pa 2500 monga munanenera, VSV ikuwerenga 36. Thermostat munalibedi, taika, fani ikuyaka yokha. Ndapita ku Old Town n'kubwerera nthawi ya mzere wa madzulo, siinazime paliponse, geji ili pakati njira yonse.

Madala a ku Germiston: Loweruka muikweze chitunda ili ndi anthu, mawindo otsegula, wailesi yozima, mumvetsere ngati ikugogoda. Ikagogoda tiyeza timing, nthawi imene moto umayaka, ndi nyali yake, TE1 ndi E1 zitalumikizidwa, iyenera kukhala pa madigiri 10. Kasefa kaja muzikaona nthawi iliyonse mukusintha oyilo, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa.